Mtsikana wa Nsolo

Febby anafika pakhomo miyendo ili mbuu ndi fumbi, malaya a timu atanyowa ndi thukuta. Tsiku limenelo atsikana a mpira wamanja a pasukulu pawo anali atagonjetsa sukulu yoyandikana nayo, ndipo zigoli zambiri anamwetsa ndi iyeyo. Koma nkhope yake sinkaoneka ngati ya munthu wopambana. Masewera onse aja maso ake anali kumsewu, kuyembekezera njinga ya atate ake, a Solomoni Mbewe, amene m'mawa analonjeza kuti abwera kudzamuonera. Njingayo sinaoneke.

Anaipeza itatsamira pankhokwe. Eni ake anali pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, atazunguliridwa ndi amuna a m'mudzimo, onse ataweramira pansi ngati pagwa chinthu chodabwitsa. Pakati pawo panali thabwa la nsolo, lija la mizere inayi ya maenje, ndipo kutsidya kwake kunakhala Dorcas, msuweni wake wa Febby, atapinda miyendo mwaulemu. Dzanja lake linkayenda m'maenjemo ngati likufesa mtedza, kusiya kamwala apa, kamwala apo, osafulumira.

"Wadyanso! Mwana uyu wadyanso!" anakuwa a Jailos, a nyumba yoyandikana nawo, akuomba m'manja. "A Mbewe, lero mwagonja kwa mwana wamkazi!"

"Atate, tapambana," anatero Febby.

"Eya mama, wachita bwino," anayankha a Mbewe osadzutsa mutu. Kenaka anacheuka, n'kuona malaya a timu aja, n'kudzigwira pakamwa. "Ho! Kodi mpira uja unali wa lero? Pepa mwanangu. Ndimati ndingosewera kamodzi, koma msuweni wakoyu wandimangirira pano ngati mbuzi."

Amuna aja anaseka. Dorcas yekha ndiye anaimirira, nkhope ili ngwee.

"Mwapambana, Febby? Wamwetsa zingati?"

"Khala pansi uzisewera timiyala tako," anatero Febby, n'kulowa m'nyumba.

Dorcas anali mwana wa mlongo wawo wa a Mbewe, wa ku Vubwi kufupi ndi malire. Atate ake atamwalira, a Mbewe monga malume anamutenga kuti adzaphunzire ku Sinda, ndipo atsikana awiriwa anali m'kalasi imodzi ya Giredi 9, ankagonanso chipinda chimodzi. Poyamba Febby anakondwera. Dorcas anali wofatsa, wosadziwa kuwakha mpira ngakhale pang'ono, ndipo kusukulu aliyense ankamutchula kuti msuweni wa Febby. Dzina limenelo Febby ankalimva kukoma, chifukwa pasukulupo panalibe amene sankamudziwa. Anali kaputeni wa timu, wamtali, wamanja aatali, ndipo akaima pansi pa chitsulo chomwetsera zigoli ndi mpira m'manja, anthu ankayamba kuimba mpirawo usanalowe.

Nsolo ndiyo inasokoneza zonse. Dorcas anaiphunzira kwa atate ake ali moyo, pamsika wa kumalire pomwe amuna amakhala tsiku lonse kudikira magalimoto a soya. A Mbewe nawonso anali katswiri wa nsolo paunyamata wawo, koma anali atasowa woti n'kuwatulutsa thukuta. Atazindikira luso la mwana wa mlongo wawo, thabwa lomwe linkangokhala kudenga linatsitsidwa, n'kupukutidwa fumbi, ndipo madzulo aliwonse pansi pa mango pankadzaza anthu.

Kusukulu nakonso mphepo inatembenuka. Lolemba lina m'nyengo yachisanu, a Sakala, mphunzitsi wa zamasewera, anaima pamaso pa ana onse ndi nkhani yatsopano.

"Chaka chino sukulu za ku Katete, Sinda ndi Vubwi zidzakumana ku Katete," anatero. "Kudzakhala mpira wamiyendo, mpira wamanja ndi kuthamanga monga mwa nthawi zonse. Koma kudzakhalanso masewera athu a makolo: nsolo, chiyato ndi kukokana chingwe."

Ana anaphulika kuseka. Chiyato, kaja koponya mwala m'mwamba n'kutola ina pansi, komwe amasewera atsikana aang'ono kuseri kwa nyumba?

"Sekani," anatero a Sakala. "Koma mudziwe kuti chikho n'chimodzi, ndipo chidzapita kusukulu imene yachita bwino pamasewera onse pamodzi. Wopambana nsolo adzaibweretsera sukulu mapointi ofanana ndi a timu yonse ya mpira. Agogo anu asanaone mpira wachikopa, mukuganiza kuti ankangokhala manja lende?"

Pofuna kusankha woimira sukulu pa nsolo, anakumba maenje pansi pa mtengo wa msikidzi pafupi ndi ofesi. Analembetsa anyamata okhaokha, kupatula Dorcas, amene anachita kukankhidwa ndi anzake. Anawagonjetsa mmodzimmodzi, mpaka Clement, mkulu wa ana asukulu, amene ankadzitama kuti kwawo amasewera ndi madoda. Clement anaimirira, n'kusasa fumbi pakabudula, n'kumugwira chanza.

Kuyambira tsikulo, nthawi yopuma ana ankathamangira kumsikidzi, bwalo la mpira wamanja n'kutsala ndi osewera okha. Tsiku lina kamtsikana ka Giredi 5 kanaimitsa Febby panjira.

"Akulu, inu ndinu asuweni ake a Dorcas wa nsolo uja?"

Febby anangokadutsa. Iyeyo ankadzuka m'mamawa kuthamanga kuzungulira dimba, zala zake zinali zotupa ndi mpira, maondo ali zipsera zokhazokha. Mnzakeyo ankangokhala pansi n'kumasuntha timiyala, koma dzina lake ndilo linali pakamwa pa aliyense. Ngakhale kutchalitchi, mkulu wa mpingo anaimitsa a Mbewe pakhomo kuti awayamikire chifukwa cha "mwana wanu wanzeru uja," ndipo sankanena za Febby.

Dorcas sankaona chilichonse. Loweruka lina ali kuchitsime, akuchapa, anatenga malaya a timu a Febby n'kuyamba kuwafikisa ngati ake.

"Ku Katete ndikuopa," anatero. "Iwe unazolowera anthu ambiri. Ine manja akanjenjemera."

"Ukuopa chiyani poti ndiwe katswiri?"

"Usandiseke. Ine tauni sindiidziwa. Ndinabadwira panjira ine, ukudziwa?" Anaseka yekha. "Amayi anapita kumaliro kutsidya, ku Malawi, ali ndi pakati panga. Matenda anawayambira komweko, n'kundiberekera pachipatala cha kumeneko. Anabwera nane kwathu ndili wakhanda. Kusukulu kwathu ana atamva, ankandinena kuti ndine wobwera, mpaka ndinkalira. Kuno sindinauzeko munthu. Ndauza iwe wekha."

"Nanga n'chiyani chimenecho," anatero Febby, akufinya chitenje. Koma mawuwo anakhala m'mutu mwake.

Tsiku la mpikisano ananyamuka pa lole dzuwa lisanatenthe, atafunda zitenje chifukwa cha mphepo ya mumsewu waukulu, akuimba nyimbo za timu mpaka mapiri a Katete anaonekera. Bwalo linali lodzaza. Kumtunda anyamata ankamenya mpira wamiyendo, fumbi lili koboo. Chapakati anthu ankakokana chingwe, aphunzitsi akukuwa mpaka mawu kusasa. Pakhonde la kalasi ina atsikana anakhala mozungulira chiyato, miyala ikuuluka n'kugwera m'manja. Nsolo anaiika pansi pa mitengo, kumapeto kwa bwalo la mpira wamanja.

Timu ya Febby inayamba bwino. Inagonjetsa sukulu ina ya ku Vubwi, n'kugonjetsanso ina ya ku Katete. Febby sankaphonya. Koma nthawi iliyonse akamwetsa chigoli n'kucheuka, ankaona kuti anthu m'mbali mwa bwalo akucheperachepera. Mbiri inali itafala kuti kumitengo kuja kuli mtsikana amene akutha anyamata, ndipo ngakhale amayi ogulitsa zitumbuwa ananyamula mabeseni awo n'kusamukira komweko.

Chakumasana anaona chipewa cha atate ake. Anali atabwera pa minibasi, atavala jekete la kutchalitchi. Febby anakweza dzanja kuti amuone. Koma chipewacho chinadutsa kuseri kwa anthu, n'kulunjika kumitengo, n'kumira m'gulu lija. Posakhalitsa kunamveka mfuwu, ndipo mawu a atate ake anamveka pamwamba pa onse.

"Ameneyo ndi wanga! Mwana wa mlongo wanga ameneyo!"

Mpira unali m'manja mwa Febby. Anaponya, n'kumenya chitsulo, n'kubwerera. Kanali koyamba kuphonya tsiku limenelo.

Masewerawo anapambanabe, n'kulowa m'fayinolo. Pa nthawi yopuma Febby anapita kumpopi kukamwa madzi, ndipo anapezako Natasha, woponya zigoli wa sukulu ina ya m'tauni ya Katete, imene anayenera kukumana nayo m'fayinolomo. Anali mtsikana wa nsapato zatsopano ndi pakamwa posatopa.

"Iwe, mtsikana wanu wa nsolo uja mwamuchotsa kuti?" anafunsa Natasha. "Wafika mu fayinolo. Azasewera na Duncan wathu, manje Duncan ali na mantha, shuwa. Ati ni sisita wako?"

"Si mbale wanga weniweni," anatero Febby. Madzi ankatsika m'chigongono mwake. Akanatha kulekera pomwepo. "Ndipo si wa kuno. Anabadwira ku Malawi."

Natasha anatong'ola maso. "Shuwa? Si mu Zambia?"

Febby anangokweza mapewa, n'kupukuta pakamwa, n'kubwerera kwa anzake. Mumtima ankadziuza kuti sananame. Kodi Dorcas sanabadwire kutsidya? Atacheuka, anaona Natasha akuthamangira kwa mphunzitsi wawo.

Fayinolo ya mpira wamanja itatsala pang'ono kuyamba, Dorcas anatulukira akupuma mofulumira, akukoka a Mbewe padzanja.

"Amalume, khalani apa," anatero. "Fayinolo yanga ichedwa. Muonere Febby, mwamva? Musachokepo. Ine mwandionera kale." Kenaka anatembenukira kwa Febby. "Msuweni, uwathe! Ndamva kuti lero sukuphonya."

A Mbewe anapeza mwala n'kukhalapo, kutsogolo kwenikweni, chipewa chili pabondo. Anakweza dzanja kwa mwana wawo, akumwetulira.

"Ndabwerera iwe lero, mama. Ndimati ndiyambe ndalimbitsa mtima wamanthayu. Tsopano ndionetse zija amanena anthu."

Febby anafuna kunena kanthu, koma wezulo inalira.

Anali atangomwetsa chigoli choyamba pamene Clement anafika akuthamanga n'kunong'oneza a Mbewe. Nkhope yawo inasintha. Anaimirira, n'kuvala chipewa, n'kunyamuka mofulumira kulowera kumitengo. Pamwala paja panatsala popanda munthu mpaka masewera anatha.

Zimene zinachitika kumeneko Febby anazimva pambuyo pake. Mphunzitsi wa sukulu ya m'tauni ija anakadandaula kwa oyendetsa mpikisano kuti mtsikana wa ku Sinda si nzika ya dziko lino. Anamuimitsa Dorcas pakati pa anthu onse aja n'kumufunsa kumene anabadwira. Iye, posadziwa kunama, anayankha kuti ku Malawi. Anthu anayamba kung'ung'udza, ena kuseka, wina n'kukuwa kuti abwerere kwawo. A Mbewe anafotokoza mpaka thovu kukamwa kuti amayi ake a Dorcas ndi mlongo wawo wa bere limodzi, kuti atate ake anagona m'manda a ku Vubwi, kuti kumalire anthu amawoloka tsiku ndi tsiku kupita kumaliro, kuchigayo ndi kuchipatala. A Sakala nawonso anachonderera. Oyendetsa mpikisano anati nkhaniyo njofunika kuifufuza bwino, koma dzuwa linali litapendeka ndipo magalimoto a kutali anayenera kunyamuka. Anagamula kuti Duncan wapambana osasewera.

Kubwalo la mpira wamanja, timu ya Febby inapambana. Anzake anamunyamula m'mwamba, koma iye maso anali pamwala paja.

Kenaka sukulu zonse zinafola kuti zimve zotsatira. Wolengeza anawerenga masewera onse, kuyambira mpira wamiyendo mpaka chiyato, n'kunena kuti sukulu ziwiri zinali pafupi kwambiri, ndipo chimene chazilekanitsa ndi nsolo. Chikho chinapita kusukulu ya m'tauni. Ana a ku Sinda anangoti zii. Atsikana amene ankavina posachedwapa anakhala pansi, wina n'kuyamba kulira.

Ana a ku Sinda akukwera lole, Natasha anadutsa ndi anzake, atanyamula chikho chija pamutu ngati mtsuko. Ataona Febby anaima.

"Febby! Zikomo, mwana! Ukanapanda kuniuza za uja wa ku Malawi, sembe chikho chapita ku Sinda. Mpira mwatiwina, koma iwe ndiwe watiwinisa!"

Ananena mokweza, mosaganiza n'komwe kuti akuulula kanthu, n'kupitirira akuimba. Febby anamva maso a anthu onse akumubaya. A Sakala anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kupukusa mutu. A Mbewe, amene anapatsidwa malo kutsogolo, anali ataima pakhomo la galimoto phazi limodzi lili m'mwamba. Anatsitsa phazilo pang'onopang'ono.

Dorcas anali atakhala pakona, atafunda chitenje kumutu. Anachivundukula n'kuyang'ana msuweni wake. Sanalire, sanatukwane. Anangoyang'ana ngati akuona munthu wachilendo, kenaka n'kudzifunditsanso.

Ulendo wobwerera panalibe anaimba. Atsikana a timu anasunthira mbali ina, ndipo ngakhale lole inali yodzaza, pozungulira Febby panali malo.

Kunyumba ankayembekezera ukali, mwina ndi chikoti chomwe. Akanakonda zimenezo. Koma a Mbewe anangomuitana pakhonde m'mawa mwake, asanapite kutchalitchi.

"Unanenadi?"

"Inde, atate."

"Chifukwa?"

Febby anayang'ana pansi. Mawu anatuluka okha, osakonzekera. "Chibwerereni iye, inu simundionanso. Mpira wanga simunauonerepo chaka chino. Aliyense ndi Dorcas, Dorcas."

A Mbewe anatembenuza chipewa m'manja.

"Pamenepo ndinalakwa, ndipo ndikuvomera," anatero. "Ukanabwera kudzandiuza ine, ngakhale mokalipa, ndikanamva. Mlandu unali wa ine ndi iwe. Koma iwe wakalipsira mwana wamasiye amene amakuchapira malaya. Dzulo ndinakhala pamwala paja kuti ndione mwana wanga akusewera. Wandichotsapo ndani?"

Febby analira, koma atate ake sanamutonthoze. Anavala chipewa n'kutsogola.

Masabata otsala a temuyo anali aatali. Nkhani itafufuzidwa, oyendetsa mpikisano anatumiza mawu opepesa kuti Dorcas analibe mlandu, koma chikho chinali chitapita kale. A Sakala anamuchotsa Febby pa ukaputeni, ndipo iye sanatsutse. Dorcas ankadzuka, kusesa, kupita kusukulu, kubwerako, osalankhula zambiri. Madzulo a Jailos ankabwera pansi pa mango n'kubwerera, chifukwa mtsikanayo ankati mutu ukumupweteka. Febby anayesa kangapo kuti ayambe kupepesa, koma akangoti "Dorcas," mnzakeyo ankapeza ntchito panja.

Sukulu itatsekera, Dorcas anapita kwawo kutchuthi. Patapita masiku, amayi ake anaimba foni kunena kuti mwanayo wakana kubwerera ku Sinda, ndipo amupezera malo pasukulu ya konko, ngakhale ili kutali ndi mudzi.

Chipinda chinakhala cha Febby yekha monga kale. Kusukulu kunayenera kumvekanso dzina lake lokha. Anagona pamphasa n'kuyang'ana msomali pomwe Dorcas ankapachika yunifolomu, ndipo sanapeze chokondweretsa chilichonse.

"Amayi," anatero tsiku lina akusenda chinangwa ndi amayi ake, a Veronica, "kodi munthu angapite bwanji ku Vubwi?"

A Veronica anamuyang'ana m'mbali. "Amapita ndi miyendo yake, ndi pakamwa pake. Palibe angakunyamulire zimenezo. Kauze atate ako."

Ananyamuka ndi atate ake Loweruka lotsatira. Ku Katete anakumana ndi malole odzaza anthu opita ku Mkaika ku mwambo wa Kulamba, ng'oma zikulira, koma iwo analowera njira ya ku Chadiza, msewu wafumbi ndi mabampu. Febby anali asanafikeko kwawo kwa msuweni wake. Anaona mapiri, minda ya fodya yokololedwa, ndi anthu a njinga atasenza matumba, ena akuchokera ku Malawi, ena ku Mozambiki, onse akupatsana moni m'chinenero chimodzi. A Mbewe analoza kaphiri kena chapafupi.

"Kuseri kwa kaphiri ako ndi Malawi. Azakhali ako nkhuni amatola kumeneko."

Febby anayang'ana. Panalibe mpanda, panalibe mzere, mitengo yake inali yomweyi.

Anapeza Dorcas ndi amayi ake pabwalo akuswa mtedza. Azakhali analandira mlongo wawo ndi chimwemwe, koma kwa Febby anangopereka moni wamba. Atatha malonje, Febby anagwada pansi, pafumbi, patsogolo pa onse awiri.

"Azakhali, ndabwera kudzapepesa. Dorcas anandiuza nkhani yake pondikhulupirira, ine n'kuigwiritsa ntchito kumupweteka. Sanandilakwire chilichonse. Inali nsanje basi."

Azakhali anapitiriza kuswa mtedza kwa kanthawi. "Ine ndamva, mwana wa achimwene. Koma amene anaimitsidwa pakati pa anthu si ine."

Akuluwo analowa m'nyumba, n'kuwasiya awiri. Febby anasendera pafupi ndi lichero n'kuyamba kuswa nawo. Kwa nthawi yaitali kunkangomveka makoko akuthetheka.

"Chikho sichinandipweteke," anatero Dorcas pamapeto pake, osamuyang'ana. "Duncan uja ndikanamudya, aliyense anaona. Ngakhale kundikuwiza kuja ndikanapirira, ndinakuzolowera. Koma pamene ankandifunsa paja, ine mumtima ndinkati, amva kwa ndani anthuwa? Ndinaganizira aliyense. Ndinaganizira ngakhale amalume. Iwe sindinakuganizire."

Misozi ya Febby inagwera m'lichero. "Ubwerere, Dorcas. Ndidzauza sukulu yonse pamzere kuti ndinalakwa ndine."

"Akudziwa kale."

"Ndiye ndichite chiyani?"

"Palibe. Iswa mtedzawo."

Anagona komweko. M'mawa mwake, atamwa phala, alendo anatsanzika. Azakhali anawapatsa thumba la mtedza ndi mbatata, ndipo anaperekeza mlongo wawo, akukambirana za mvula ndi mbewu. Febby anatsalira m'mbuyo ndi thumba lija, likumulemera mbali imodzi. Dorcas sanaoneke chidzukire, ndipo chitseko cha kukhitchini chinali chotseka. Febby anayang'ana komweko kamodzi, n'kuyamba kuyenda.

Atadutsa khola la mbuzi anamva mapazi kumbuyo kwake. Sanayerekeze kucheuka mpaka dzanja linagwira ngodya ina ya thumbalo.

"Ku Sinda sindibwera," anatero Dorcas.

"Ndikudziwa."

"Mwina chaka chamawa. Mwina ayi. Sindinaganize."

"Chabwino."

"Nanga ukulikoka chotero bwanji, ufuna libooke? Kweza mbali yakoyo."

Febby anakweza. Thumba linapepuka, ndipo anayenda nalo pakati pawo, osalankhulanso, mpaka kumsewu kumene galimoto inkadikira.